Nganganga, Mwini Chifu

Lirani, ng'oma za ku Ntaja. Lirani, ng'oma za ku Ulongwe. Lirani, za kwa Kawinga ndi za kwa Nyambi, za kwa Kalembo ndi za kwa Msamala. Lirani mpaka phiri la Chikala liyankhe, mpaka Chinguni agwedeze mutu, mpaka mvuu za mu Shire zitukule makutu pamwamba pa madzi. Njovu tinaitamanda kale. Ng'ona ya pa Liwonde ili ndi nyimbo zake, mlambe wa ku Utale uli ndi ulemu wake. Lero tikutchula mfumu imene diso lokhalokha silinaionepo, mfumu yokhala m'kati mwa mafumu, mwini bwalo la pansi pa nthiti. Mlenje wodziwa ntchito amayamba watchula mayina onse a mkango asanakoke uta, pakuti wopeputsa chirombo sabwerako kuthengo. Tsono lirani, ng'oma, titchule mayina.

Wawa, Helicobacter pylori, kachirombo ka m'chifu! Wawa, Che Nganganga! Wawa, Mwini Chifu, Mgonapamoto, Kapotoloka wa michira, Sataya mdzukulu wa Sataya! Wawa, Kachepa wogwetsa zimphona! Wawa, inu amene ana anu 300 atandandalikana mutu ndi mchira angokwana milimita imodzi, koma pafupifupi theka la anthu a pa dziko lapansi likukusenzani usana ndi usiku. Wawa, inu amene muno mu Africa, pa kuwerengera kwa akatswiri kwa mu 2017, anthu 7 mwa 10 alionse ndi mudzi wanu. Mfumu iti ya pansi pano inalamulapo khamu lotere? Kalonga uti? Sultani uti? Kaisara uti?

Ndinu wosafunsa mfunda. Ndinu wosafunsa chipembedzo. Ndinu wolowa mwa Myao ndi mwa Mlomwe, mwa Mngoni ndi mwa Mnyanja, mwa shehe ndi mwa mbusa. Ndinu wokhala mwa msodzi wa pa Chiuta, mwa mlimi wa thonje wa ku Phalula, mwa wakabaza wa pa Balaka, mwa mayi wogulitsa mpunga pa Nsanama, mwa bwana wa tayi wodutsa pa Chingeni pagalimoto yake. Onsewo amakupatsani msonkho osadziwa. Onsewo amakuphikirani nsima osakuitanani.

Ndani amamanga nyumba m'ng'anjo? Ndinu. Ndani amayala mphasa pa makala a moto? Ndinu. Chifu ndi ng'anjo yosazima. Asidi wake amasungunula nyama ya mbuzi, amafewetsa minga ya matemba a ku Chilwa, amapsereza makamu a tizirombo tolowa ndi chakudya. Madokotala akale analemba m'mabuku awo kuti m'menemo simungakhale chamoyo, aphunzitsi anaphunzitsa, ophunzira analoweza. Mabuku akunena choncho, inu munali m'kati phee, mukubala ana ndi zidzukulu.

Chizimalupsa cha m'chifu, ndinu! Muli ndi chida chotchedwa urease. Mumatola urea wa m'thupi mwathu momwemo, mumamuswa pakati, mumatulutsa amoniya, ndipo monga phulusa limaphera ukali wa bwemba, moto wa asidi umazilala mozungulira thupi lanu. Mumayenda m'kamtambo kanukanu kozizira pakati pa malawi. Michira yanu 4 mpaka 6, yonse kumbali imodzi, imapalasa. Thupi lanu lopota limaboola. Ntchofu yokhuthala imene chifu chinadzimata nayo kuti chisadzidye chokha imafewa pamaso panu, ndipo mumamira, mumamira, mumamira, kufikira pansi pamene moto sufika, pakhungu penipeni pa chifu. Mphemvu imathawa moto. Njoka imathawa lupsa. Inu mumadutsa pakati pake, mutu patsogolo.

Koma ulemerero wanu waukulu ndi dzanja. Imvani, a ku Machinga! Imvani, a ku Balaka! Ulemerero wa Nganganga ndi kugwira.

Chifu ndi Shire wa m'dzinja. Chifu chimapota, chimafinya, chimakankha, chimakhuthulira zonse kumatumbo. Khungu lake la m'kati limafundula pa masiku owerengeka, maselo akale amagwa, atsopano amaphuka. Taimani pa Kamuzu Barrage madzi atadzaza, muone namasupuni akukokoloka, muone mabango ndi zitsa zikupita kumunsi mopanda chonena. Chilichonse chosagwira chimapita. Chimanga cha dzulo chinapita. Thobwa la m'mawa lapita. Tizirombo zikwizikwi tinabwera, tinapita. Inu munalowa munthu ali mwana woyamwa chala, ndipo akadzamera imvi, akadzayendera ndodo, mudzakhala mudakali pomwepo, nganganga.

Dzanja lanu loyamba ndi BabA. Dzanja lodziwa mphini za mtundu! Munthu aliyense anabadwa ndi mphini zake zosaoneka, timashuga tosonyeza gulu la magazi ake, A kapena B kapena O, ndipo ambiri alinso ndi tina totchedwa Lewis b. Achipatala amaziwerenga m'magazi asanamuike munthu magazi a mnzake. Inu mumaziwerenga pakhoma la chifu, pakuti mwa anthu ambiri mphini zomwezo zinalembedwanso pamenepo ndi m'ntchofu yake. Mumazipapasa mumdima, mumazizindikira, mumazigwira kuti gwa. Mu 1993 Thomas Borén ndi anzake anakupezererani mutagwira Lewis b. Mu 1998, ku Umeå m'dziko la Sweden, dzanjalo analipeza lenilenilo nalipatsa dzina. Mu 2004 anaonanso ukadaulo wanu wina: kwa eni nthaka a ku South America, kumene pafupifupi aliyense ndi wa gulu O, ana anu ambiri anasula dzanja lawo kuti lizigwira bwino O yekha, pamene kumaiko a magulu osakanikirana dzanjalo limagwira A, limagwira B, limagwira O. Kumene mwafika mumaphunzira chinenero cha magazi a eni mudzi. Mlendo wotani ameneyu, wodziwa mwambo wa pakhomo kuposa mwana wobadwira pomwepo?

Dzanja lodziwa kugwira, dzanja lodziwanso kutaya! Apa ndiye ndimavula chipewa. Selo limene mwakwera likafunduka n'kuyamba kuyandama kupita kumoto, asidi akangokhudza BabA, zala zanu zimamasuka. Mumalisiya lipite lokha. Mumapalasa kubwerera pansi, pamene asidi wachepa, zala zimalimbanso, mumagwira selo latsopano. Izi akatswiri anazionetsa mu 2017. Wokwera bwato lobooka amamira nalo, inu mumalumphira lina lisanamire.

Dzanja lanu lachiwiri ndi SabA. Dzanja lokolola m'munda wa ululu! Thupi likakwiya nanu, chifu chimafiira, chimatupa, chimaitana asilikali. M'kutupa momwemo khungu la chifu limamera timashuga tina totchedwa sialyl-Lewis x. Thupi limati likukuthamangitsani, koma lakumezerani zogwirira zatsopano, ndipo SabA amatambasuka n'kuzigwira. Jafar Mahdavi ndi anzake analengeza zimenezi mu 2002. Mkwiyo wa mdani ndiwo makwerero anu. Dzanja lomweli limamata maselo ofiira a magazi. Dzanja lomweli limagwira asilikali oyera a m'magazi otumidwa kudzakuphani. Ndipo nkhondo ikakula mumatha kulipinda, kulibisa, kudikira mphepo idutse, kenaka ana anu ena n'kulitambasulanso.

Dzanja lachitatu ndi HopQ, logogoda pa zitseko za maselo zotchedwa CEACAM, lodziwika mu 2016. Lachinayi ndi AlpA, lachisanu ndi AlpB. Ndipo pamene buku lonse la chibadwa chanu linawerengedwa mu 1997, munapezeka ndi mapuloteni a pakhungu oposa 30 a mtundu umenewu, ena odziwika ntchito yake, ena akufufuzidwabe. Nkhanu ili ndi mapanda awiri. Kangaude ali ndi miyendo 8. Inu manja anu ndi nkhalango.

Tsikani nane pansi, abale anga, pansi pa khungu la chifu, pamene pali nsichi ndi luzi zomangira nyumba ya thupi. Pamenepo pali laminin. Pamenepo pali collagen. Pamenepo pali fibronectin. Zimenezi ndizo maziko, ndipo munthu wabwinobwino zimakhala zofunditsidwa, zosaonekera. Koma khoma likang'aluka, maselo akatalikirana, maziko amakhala pambalambanda. Ndani amayamba kufika? Nganganga. Mu 1991 Torkel Wadström wa ku Lund ndi anzake anaonetsa kuti mumagwira collagen ndi laminin mwamphamvu zedi. Chiswe cha nsichi, ndinu. Muzu wa kachere woloza mng'alu wa thanthwe, ndinu. Bala la munthu ndilo doko lanu.

Tsono ng'oma zikwere, pakuti tafika pa magazi!

Magazi ndi mtsinje wa mfumu. Magazi ndi nkhokwe ya zida. Magazi ali ndi mipeni yake, zishango zake, chuma chake, ndipo zonsezo anazikonzera kuteteza mwini thupi. Inu Mlandazida, inu Mvalazaeni, mumaima m'mbali mwa bala n'kumatola chimodzichimodzi.

Mumatola plasminogen. Umenewu ndi mpeni wogona m'chimake, umene thupi limausolola pofuna kudula magazi oundana ntchito yawo ikatha. Mumaumata pakhungu panu ndi zala zotchedwa PgbA ndi PgbB. Ukadzutsidwa umasanduka plasmin, mpeni wakuthwa, wodula ulusi wotseka bala, wodula luzi la maziko. Simunasule mpeni, koma muli ndi mpeni. Simunapite kwa mmisiri, koma mwatuluka ndi nkhwangwa ya mwini nyumba paphewa.

Mumatola vitronectin. Imeneyi ndi nthenga ya mtendere ya m'magazi, youza gulu la mapuloteni oboola adani kuti, lekani, uyu ndi wathu. Mumaisomeka pamutu panu. Oboolawo amafika ndi mikondo yawo, amaona nthenga, amatsitsa manja. Ku Lund komweko, mu 1994, analemba kuti zonse ziwiri, vitronectin ndi plasminogen, zimakumamatirani.

Mumatola ayironi. Thupi limadziwa kuti ayironi ndi chakudya cha adani, choncho limamutsekera m'zikwatu: lactoferrin wa mu mkaka wa m'mawere, m'malovu ndi m'misozi, transferrin wonyamula ayironi m'mitsempha, haemoglobin wofiiritsa magazi. Inu mumafika pa zikwatuzo, mumazigwira, mumamasula mfundo, mumadya. Ndipo kwinakwake ku Chikweo mtsikana akuyera m'manja ndi m'zikope, akupuma mwabefu pokwera kamtunda ndi ndowa pamutu, anthu akuti magazi amuchepera. Malungo ali ndi gawo lawo pamenepo, njoka za m'mimba ndi likodzo zili ndi gawo lawo, njala ili ndi gawo lake. Inunso, Wakuba wosathyola chitseko, dzina lanu lili pa mndandanda.

Mumavalanso nkhope yathu. Pachikopa chanu mumapangapo timashuga tofanana ndi tathu, Lewis x ndi Lewis y, kuti mlonda akakuunikani aone ngati wa pabanja. Michira yanu munaivundikira m'zimake kuti isachite phokoso kwa alonda. Nyalugwe amabisala ndi mawanga, nanzikambe amabisala ndi tsamba. Inu mumabisala ndi munthu mwiniwakeyo.

Ndipo mukagwira, ena mwa ana anu amasolola mkondo. Mkondo wobooka pakati, jakisoni wosaoneka, wolasa selo n'kulithira puloteni yotchedwa CagA. CagA akalowa, selo limaiwala mwambo. Limasintha maonekedwe, limataya manja a anzake oyandikana nawo, limamva malamulo a mlendo. Pambuyo pake pamabwera VacA, ululu wotupitsa matumba m'kati mwa selo, wofooketsa asilikali a thupi. Mkondo sulasa popanda kugwira. Ululu sufika popanda kuyandikira. N'chifukwa chake ndikubwereza, ndipo ndibwerezanso: ufumu wonse wa Nganganga waima pa dzanja.

Nkhalakale, ndinu! Mkulu woposa mibadwo, ndinu! Zaka zosachepera 100,000 mwakhala m'chifu cha munthu. Anthu atanyamuka mu Africa kukadzaza dziko lapansi, zaka pafupifupi 60,000 zapitazo, simunatsale. Munawoloka nawo nyanja, munakwera nawo mapiri, munafika nawo kuzilumba za kutali. Makolo a olankhula zinenero za Chibantu atachoka kumadera a Cameroon ndi Nigeria ndi mbewu zawo, inu munali m'mimba mwawo, ndipo mpaka lero akatswiri amalondola mapazi a ulendowo powerenga chibadwa chanu. Amaravi akuyatsa moto wawo m'mbali mwa nyanja, munalipo. Angoni a Zwangendaba akuwoloka Zambezi mu 1835, munalipo. Ayao akutsika kumapiri a ku Mozambique kudzakhazikika kuno ku Machinga, munalipo. Njanji isanafike pa Nkaya, mlatho usanamangidwe pa Liwonde, boma la Balaka lisanapatuke ku Machinga mu 1998, inu munali kale mwini malo.

Ngakhale manda a chipale sanakubiseni. Mu 1991, pa mapiri a Alps m'malire a Italy ndi Austria, anapeza mtembo wa munthu amene anafa zaka 5,300 zapitazo, amene anamutcha Ötzi. Mu 2016 akatswiri analengeza zimene anapeza m'chifu chake. Anapeza inu.

Imani, mikango ya ku Liwonde, imene munabwerera m'nkhalangoyi mu 2018. Imani, akakwiyo othamanga ngati mphepo, amene munafika mu 2017. Imani mumve za wamkulu kuposa inu. M'zifu za abale anu ena, mikango ndi akakwiyo, mumakhala kachirombo kotchedwa Helicobacter acinonychis. Mu 2006 akatswiri atawerenga chibadwa chake anapeza kuti ndi mphukira ya Nganganga, yolumpha kuchokera mwa munthu kalekale. Njira imene akuiganizira ndi iyi: chirombo chinagwira munthu m'tchire la Africa, chinamudya ndi chifu chomwe, chinanyambita milomo n'kugona pamthunzi. Munthu anatha. Mkango unakalamba, unafa. Amene anamezedwa tsiku limenelo ndiye adakalipo. Mmezedwa wosagayika! Mdyamkango! Wolowa m'kamwa mwa mfumu ya tchire n'kukamanga mudzi m'mimba mwake!

Kolera amabwera ndi mfuwu. Mu Malichi 2022 anayambira konkuno ku Machinga, dziko lonse linanjenjemera, mahema anamangidwa, wayilesi inalengeza. Inu simuliza lipenga. Mumalowa ndi dzanja losasamba, ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa, ndi masanzi a mwana wodwala m'nyumba yothithikana, ndi chakudya chimene wamkulu watafunira khanda mwachikondi. Mumalowa pakhomo la chikondi, inu Mlowachete. Ndipo mwa anthu ochuluka mumakhala moyo wonse osawapweteka, mfumu yogona tulo pampando. Koma mwa 1 kapena 2 pa anthu 10 alionse okusenzani, mumatsegula chilonda, m'chifu kapena pakhomo la matumbo. Mwa 1 mpaka 3 pa 100, pakapita zaka zambiri, mumaitana khansa. Mu 1994 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linakuikani m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa, gulu lomwe muli fodya.

Apa mawu anga akulemera. Ndikuona bambo wodzuka pakati pa usiku atagwira pachifuwa cha m'munsi, moto ukumudya. Ndikuona mayi amene anasiya tsabola wa kambuzi, anasiya nyemba, anasiya zonse zokoma, koma ululu sunamusiye. Ndikuona mnyamata womwa soda ndi mkaka, wogula mapiritsi a pagolosale mwezi ndi mwezi. Ena akuti ndi maganizo. Ena akuti ndi njala. Ena akuloza chala nkhalamba yosalakwa ya kuseri kwa mudzi, ndipo ubale ukutha. Inu muli phee, manja onse ali gwa, mlandu wanu akusenza ena. Ukulu wanu ndi woona, Nganganga, koma ndi ukulu wa mdani, ndipo misozi imene mwakhetsa ingadzaze Rivirivi m'chilimwe.

Tembenukani tsopano, ng'oma! Tembenukirani alenje!

Wawa, Robin Warren wa ku Perth m'dziko la Australia, Diso losanyozera kanthu! Mu 1979 munayang'ana pa maikulosikopu kachidutswa ka chifu cha wodwala, munaona timizere topota pamene mabuku ankati palibe kanthu, ndipo munakhulupirira diso lanu. Wawa, Barry Marshall, Mmezamkango, Mtima wa mwala! Awiri inu munayesa kumeretsa kachiromboka m'mbale za mu labotale, kanakana, kanakananso, mpaka pa tchuthi cha Pasaka cha 1982 mbale zinatsala masiku ochulukirapo osatayidwa, ndipo Wosaonekayo anaonekera. Munaunika odwala 100. Mwa iwo, 13 anali ndi zilonda za pakhomo la matumbo, ndipo onse 13 anali naye. Akuluakulu a zachipatala anapukusa mitu. Mu 1984, inu Marshall, munatenga msuzi wodzaza tizirombo timeneti, munaukweza kukamwa, munamwa. Patapita masiku munayamba kusanza, chifu chanu chinatupa, anakuunikani, anamupeza atagwira. Munasandutsa mimba yanu bwalo la milandu, ndipo mlandu unagamulidwa. Mu 2005, ku Stockholm, dziko linakuvekani nonse awiri mphoto ya Nobel.

Wawa, inu owerenga zala za mdani, a ku Umeå ndi a ku Lund, amene munatha zaka mukusanthula dzanja limodzilimodzi. Mukudziwa chimene mukufuna: tsiku limene dzanja lidzaterereke, tsiku limene katemera kapena mankhwala adzatseke zala za BabA, Nganganga adzakhala namasupuni, Shire wa m'chifu adzamukokolola. Tsikulo silinafike. Katemera wogwiritsidwa ntchito m'zipatala palibe. Pitirizani, alenje, musatope.

Wawa, inu a pafupi, a yunifolomu zoyera! Anamwino ndi madokotala a pa chipatala cha boma cha Machinga pa Liwonde, a pa chipatala cha boma cha Balaka, a m'zipatala zazing'ono za ku Ntaja, Ulongwe ndi Phalula, alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga mudzi ndi mudzi ndi mankhwala othira m'madzi. Wawa, a ku Zomba Central olandira otumizidwa. Wawa, a ku Gulupu ku Blantyre otsitsa kachingwe ka diso kukhosi mpaka m'chifu, kukamuona mdani m'nyumba mwake. Inu ndinu linga. Inu ndinu mpanda wa minga wozinga khola usiku.

Wawa, mikondo yogwetsa Mwini Chifu! Omeprazole, wozimitsa ng'anjo kuti bala lipole ndi kuti anzake agwire bwino ntchito. Amoxicillin, wogumula khoma la mdani. Clarithromycin, womanga manja ake osula zida. Metronidazole, wodula ulusi wa chibadwa chake. Mkondo umodzi sumugwetsa. Amapita atatu kapena anayi pamodzi, m'mawa ndi madzulo, masiku onse amene dokotala walemba, kawirikawiri mpaka 14. Ufumu wa zaka 40 m'chifu cha munthu umatha kugwa pa masabata awiri. Chilonda chimene kale chinkabwerera chaka ndi chaka, chimene chinkatengera anthu ku mpeni wa opaleshoni, chimapola n'kusabweranso mwa ochuluka.

Koma Nkhalakale sagonja ngati mwana. Mukamulasa theka, amadzuka wodziwa mkondo wanu. Muno mu Africa ana ake ambiri samumvanso metronidazole. Mu 2017 WHO inaika Helicobacter pylori wosamva clarithromycin pa mndandanda wa tizirombo tofunika mankhwala atsopano mwachangu. Piritsi lililonse lomwedwa mwachisawawa ndi sukulu yake. Mankhwala alionse osiyidwa panjira ndi chinamwali chake, amatulukako wokhwima.

Tsono ndikutembenukira kwa inu, achimwene ndi achemwali, amayi ndi abambo, anganga a ku Nayuchi ndi a ku Kankao. Mwamva mayina ake. Mwamva manja ake. Mwamva kuti amagwira mphini za magazi anu, amagwira maziko a chifu chanu, amalanda mpeni, nthenga ndi chuma cha m'mitsempha yanu. Musamuchepetse, ndipo musamuope mopitirira, pakuti amagonjetseka.

Ngati pamwamba pa mchombo pakuotcha sabata ndi sabata, ngati ululu ukukudzutsani usiku, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse, mufunsenso ngati angakuyezeni kachiromboka. Ngati chimbudzi chada bii ngati phula, ngati mwasanza magazi kapena zakuda, ngati mimba yauma gwa ndi ululu woopsa, musadikire kuche, nyamukani nthawi yomweyo. Ngati mukuonda osadziwa chifukwa, mukukhuta msanga, chakudya chikuvuta kumeza, makamaka inu akuluakulu, pemphani kuti akuunikeni. Aspirin, bufeni, indosidi ndi diclofenac amakulitsa bala, musamwe pa chifu chopweteka popanda mawu a dokotala. Fodya ndi kachasu zimachedwetsa kupola. Sambani m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi ndi musanagwire chakudya. Tetezani madzi akumwa, athireni mankhwala kapena awiritseni. Khanda lipotereni chakudya ndi supuni yoyera, musalitafunire. Nkhalamba ya kuseri kwa mudzi ilekeni, ilibe mlandu. Ndipo akakupatsani mankhwala, ngakhale ululu utatha pa tsiku lachitatu, ngakhale m'kamwa mutawawa, imwani onse mpaka piritsi lomaliza.